KUSABALA: ZIMENE MADZI OSUNGA DZIRA LA MAI AMAULULA

M'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, nyumba ndi zothithikana, ndipo nkhani ya banja limodzi simacedwa kufika pa mpope wa madzi. Cikwati cikatha caka kapena zaka ziwiri popanda mwana, anansi amayamba kunong'onezana, apongozi amatumiza mau kucokera kumudzi, ndipo cala cimaloza mkazi. Amamuchula cumba. Amai ena amapirikitsidwa pa nyumba, ena amabweretseredwa mkazi waciwiri, ndipo ambiri amathera ndalama zonse za pa kantemba kwa asing'anga, kwa aneneri ndi kwa anthu ogulitsa mankhwala m'misika.

Masiku ano pabweranso cinthu cina. Dzina la mapiritsi a Clomid lafala pakati pa amai, ndipo ena amawagula mobisa ndi kumwa mwezi ndi mwezi asanapimidwe konse. Amamva kuti mapiritsiwa "amakhwimitsa mazira", koma sadziwa cimene amacita m'thupi, ndiponso sadziwa kuti pali mabvuto ambiri a kusabala amene mapiritsi sangawakhudze n'komwe.

Pofuna kumvetsa nkhaniyi, ndi bwino kuyambira pa malo ang'ono kwambiri m'thupi la mai, pamene dzira limakulira, ndi pa madzi amene amalizungulira. Madzi amenewa akatswiri a za umoyo akhala akuwapima kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zingathandize banja kudziwa cocita ndi cosacita.

BVUTOLI SI LA MUNTHU MMODZI

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation limati banja lili ndi bvuto la kusabala ngati mwamuna ndi mkazi akhala malo amodzi kawiri-kawiri kwa miyezi 12, osagwiritsa nchito njira ya kulera, koma mimba osaoneka. M'caka ca 2023 bungweli linalengeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi bvutoli pa moyo wake. Ciwerengero cimeneci sicisiyana kweni-kweni pakati pa maiko olemera ndi maiko osauka.

Kufufuza kwa ciwerengero ca anthu ndi umoyo mu Zambia kwa mu 2018 kunaonetsa kuti amai a m'dziko muno amabala ana pafupi-fupi 5 aliyense. Pamene ana ali ambiri cotere, mai wopanda mwana amaonekera patali. Amamva kuwawa pa maliro, pa cikwati ndi pa chalichi pomwe, cifukwa anzake amaitanidwa ndi maina a ana ao pamene iye akali kuitanidwa ndi dzina la pa utsikana.

DZIRA LIMAKHALA M'KATHUMBA KA MADZI

Mai aliyense ali ndi nkhokwe ziwiri za mazira, ina kumanja ina kumanzere kwa cibaliro, ndipo iliyonse kukula kwake ndi ngati suku. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Pofika nthawi yotha msinkhu amatsala pafupi-fupi 300,000, ndipo mwa amenewa, mazira 400 kapena 500 okha ndiwo amakhwima ndi kutuluka pa moyo wake wonse. Ena onse amafota okha. Thupi silipanga mazira atsopano, cotero dzira la mai wa zaka 40 lakhala m'thupi zaka 40.

Dzira lililonse lili m'kathumba kake. Mwezi uliwonse, kanthu kena kamene kali m'munsi mwa ubongo kamatumiza m'magazi homoni yochedwa FSH, imene imadzutsa timatumba tingapo kuti tikule. Mwa timeneti, kamodzi kamaposa tinzake. Kamadzaza madzi ngati thuza la pa khungu mpaka kufika mamilimita 18 kapena 25, kukula kwake ngati cipatso ca masau. Madzi ake ndi acikasu pang'ono, ndipo onse pamodzi angakwane m'kasupuni ka tiyi. Dzira leni-leni ndi kadontho kosaoneka bwino ndi maso, gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo limakhala litamatirira ku khoma la kathumbako.

Dotolo wa ku Holland, Regnier de Graaf, ndiye anafotokoza timatumba timeneti mu 1672. Dzira lomwe lili m'kati linadzaonedwa mu 1827 ndi Karl Ernst von Baer. Lero mai amene wapita ku sikani angathe kuona yekha kathumbako pa makina, kakuoneka ngati kabwalo kakuda.

MAPULOTINI A M'MADZIWA

Awerengi ambiri amawadziwa mau akuti mapulotini kucokera ku maphunziro a pa sikelo ya ana, pamene anamwino amanena za kapenta, nyemba ndi nshawa monga zakudya zomanga thupi. Thupi likagaya zakudyazi limapanga mapulotini akeake a mitundu zikwi-zikwi, ndipo uliwonse uli ndi nchito yake. Ena amanyamula katundu m'magazi, ena amalimbana ndi tizilombo, ena amapereka uthenga kucoka ku ciwalo cina kupita ku cinzake.

Dzira lilibe mtsempha wa magazi wofika pa ilo. Cakudya cake, mpweya wake ndi uthenga wonse wocokera m'thupi zimalifika kupyolera m'madzi ndi m'maselo amene alizungulira. Madziwa amacokera ku magwero awiri. Mbali yaikulu imatuluka m'magazi a mai, kudutsa pa khoma la kathumba limene limagwira nchito ngati sefa ya ufa: mapulotini ang'ono amapita, akulu-akulu amatsala. Mbali ina imapangidwa ndi maselo a m'kathumba momwemo.

Pulotini wocuruka koposa m'madziwa ndi albumin, yemwe amapezekanso wambiri m'magazi. Mulinso transferrin amene amanyamula ayironi, asilikali a m'thupi olimbana ndi matenda, ndi mapulotini onyamula mafuta amene thupi limapangira homoni ya progesterone, yomwe imakonza cibaliro kuti cilandire mimba. Maselo a m'kathumba amapanga mapulotini ena monga inhibin ndi AMH. AMH amacuruka m'timatumba tating'ono ndipo amacepa kathumba kakamakula. Ndiye cifukwa cake madotolo amapima AMH m'magazi pofuna kudziwa ngati m'nkhokwe mwatsala mazira ambiri kapena ocepa. Kupima kumeneku kumanena za kucuruka kwa mazira cabe, osati za ubwino wao.

MAOLA 36 OTSIRIZA

Kusintha kwakukulu kumacitika dzira likatsala pang'ono kutuluka. Pakatsala masiku pafupi-fupi 14 kuti mai apitenso kumwezi, ubongo umatumiza homoni ina yochedwa LH yambiri nthawi imodzi. Kucokera pamenepo mpaka kathumba kuphulika pamapita maola pafupi-fupi 36, ndipo m'maola amenewa madzi aja amasintha kotheratu.

Coyamba, timitsempha ta magazi tozungulira kathumba timatseguka, ndipo sefa ija imakula maso. Mapulotini ena akulu amene kale amatsala kunja tsopano amalowa. Mmodzi wa iwo amagwirizana ndi zinthu zopangidwa ndi maselo ozungulira dzira, nkupanga cinthu colenda ngati therere cimene cimakuta dzira lonse. Kulenda kumeneku ndiko kumathandiza dzira kumasuka ku khoma, ndiponso kumathandiza kuti cubu ca cibaliro ciligwire likatuluka. Akatswiri anaona kuti mbewa zazikazi za m'nyumba zopimira zimene zilibe mapulotini amenewa zimalephera kubala bwino, ngakhale mazira zili nao.

Caciwiri, mumacuruka mapulotini amene amadya khoma la kathumba pa malo amodzi mpaka litapyapyala ndi kuboka. Cacitatu, muli zinthu zoletsa madziwo kuundana ngati magazi a pa cilonda, kuti dzira lisakodwe m'kati. Mu 1980 katswiri wa ku America, Lawrence Espey, anafotokoza kuti kutuluka kwa dzira kumafanana ndi kutupa kwa thupi pamene pali cilonda. Tinganene kuti kathumba kamapsa ngati cithupsa, kenaka nkuphulika. Amai ena amamva kupweteka pang'ono mbali imodzi ya m'mimba pa tsiku limenelo.

Apa pali phunziro limene likhudza pafupi-fupi nyumba iliyonse ya m'komboni. Mapiritsi oletsa kupweteka monga Brufen ndi Diclofenac nchito yao ndi kuletsa kutupa. Mai amene amawamwa ambiri tsiku ndi tsiku pa masiku a pakati pa mwezi angathe kucedwetsa kapena kuletsa kathumba kuphulika, dzira nkutsalira m'kati. Iye amapitabe kumwezi monga mwa nthawi zonse, osadziwa kuti dzira silinatuluke. Bvutoli limatha akaleka mapiritsiwo. Cotero mai wofuna mimba amene amamwa mankhwala otere kawiri-kawiri cifukwa ca msana kapena miyendo ayenera kuwauza a cipatala.

Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha, pamene mbeu ya mwamuna ingathe kudikira m'thupi la mai mpaka masiku 5. Banja limene mwamuna amayenda maulendo atali, monga oyendetsa magalimoto akulu, nthawi zina limaphonya masiku amenewa mwezi ndi mwezi popanda matenda aliwonse.

MANKHWALA OTHANDIZA KUBALA AMACITA CIANI

Mapiritsi a Clomid, amene dzina lake leni-leni ndi clomiphene, anayamba kugwiritsidwa nchito ku America mu 1967. Amanamiza ubongo kuti m'thupi mwacepa homoni ya cikazi, ndipo ubongo umatumiza FSH yambiri. Palinso mapiritsi a letrozole amene amafika pa colinga comweco mwa njira ina. Mankhwala awiriwa amathandiza mai amene mazira ake satuluka mwezi ndi mwezi. Nchito yao ithera pomwepo. Satsegula macubu otsekeka, sacotsa zotupa za m'cibaliro, ndipo sapatsa mwamuna mbeu.

Njira ina yaikulu ndi ya IVF, imene anthu amati mwana wa m'botolo, ngakhale kuti mwana amakulira m'mimba mwa mai wake monga ana ena onse. Mwana woyamba wa njira imeneyi, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham m'dziko la England, mwa nchito ya Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Ku South Africa mwana woyamba wa IVF anabadwa mu 1984 pa cipatala ca Tygerberg ku Cape Town.

Pa IVF mai amalasidwa nyeleti za FSH tsiku lililonse kwa masiku 10 kapena 12, kuti m'malo mwa kathumba kamodzi tikule timatumba tambiri. Madotolo amatsatira kukula kwake ndi sikani. Tikafika pa msinkhu woyenera, mai amalasidwa nyeleti yotsiriza imene imagwira nchito ya LH. Patapita maola 34 mpaka 36, timatumba tisanaphulike tokha, dotolo amalowetsa singano yopyapyala ndi kukoka madzi a m'kathumba kalikonse. M'madzimo ndimo amafunafuna mazira ndi makina okuza zinthu, nkuwaphatikiza ndi mbeu ya mwamuna m'kambale. Patapita masiku 3 mpaka 5, dzira limene layamba kukula limabwezeredwa m'cibaliro.

Mazira akacotsedwa, madzi otsala alibenso nchito pa cithandizo ca mai. Amenewa ndiwo akatswiri anayamba kuwasunga ndi kuwapima, ndipo ndi makina a masiku ano apezamo mitundu mazana-mazana ya mapulotini. Apezanso kuti madzi a kathumba kokuzidwa ndi nyeleti safanana ndendende ndi madzi a kathumba kokula kokha. Mwacitsanzo, AMH ndi mahomoni ena amapezeka ocepa m'kathumba kokuzidwa ndi mankhwala. Cimene akatswiri afuna ndi kupeza pulotini amene angawauze kuti dzira ili ndilo lidzakhala mwana, ilo ai. Mpaka pano zipatala zilibe kupima kotere kodalirika, ndipo mazira amasankhidwabe poona maonekedwe ndi kakulidwe kake. Cotero munthu aliyense wogulitsa mankhwala a m'botolo, tiyi kapena ufa ponena kuti "umakonza mazira" akulonjeza cinthu cimene ngakhale zipatala zazikulu za pa dziko lapansi sizinacikwanitse.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Pali pulotini mmodzi amene dzina lake madotolo a IVF saliiwala. Amachedwa VEGF, ndipo ndiye amatsegula timitsempha ta magazi pa maola 36 aja. Kathumba kakakhala kamodzi, VEGF amacita nchito yake pa malo ang'ono. Koma timatumba tikakhala 20 kapena kuposa, amacuruka mopitirira muyeso nkulowa m'thupi lonse. Mitsempha imayamba kudontha, madzi pamodzi ndi albumin amatuluka m'magazi nkudzaza m'mimba, nthawi zina mpaka m'cifuwa. Magazi otsala amakhuthala ndipo angathe kuundana m'mitsempha, pamene impso zimasowa madzi.

Zizindikiro zake ndi izi: mimba kutupa ndi kupweteka patapita masiku ocepa cilandirireni mankhwala, kusanza, kulemera kwa thupi kukwera msanga, mkodzo kucepa, ndi kupuma mobanika. Mai woona zimenezi asadikire kuca, ndipo asaganize kuti kutupako ndi mimba imene yagwira. Apite ku cipatala nthawi yomweyo, atanyamula mapaketi a mankhwala onse amene analandira. Bvutoli limabwera kawiri-kawiri ndi nyeleti, ndipo ndi mapiritsi limacitika mwa apo ndi apo. Masiku ano madotolo amalicepetsa posankha mlingo woyenera munthu aliyense, posintha nyeleti yotsiriza, kapena posunga mazira okula m'cisanu kuti adzawabwezere mwezi wina thupi litapuma. Zonsezi zimatheka pokha-pokha ngati mai ali m'manja mwa anthu ophunzira nchitoyi.

Ngozi ina ndi ya mapasa kapena ana atatu. Banja limene ladikira zaka zambiri lingaone ngati ndi dalitso lowirikiza, koma mimba yotere imabwera ndi kuthamanga kwa magazi, kutaya magazi pobala ndi ana obadwa masiku asanakwane. Clomid angathenso kupyapyaza khoma la m'kati mwa cibaliro ndi kusokoneza maso. Madotolo ambiri sapitiriza miyezi 6 akumupereka, ndipo ngati mimba sinaoneke amafufuza cifukwa cina.

ZIMENE ZIMAFIKA M'MADZI A DZIRA

Popeza madziwa amacokera m'magazi, zambiri zimene zili m'magazi a mai zimafikanso pa dzira. Akatswiri apeza zotsalira za fodya m'madzi a timatumba ta amai osuta, ngakhale mwa amai amene amangopuma utsi wa amuna ao. Amai osuta amathanso mazira msanga kuposa anzao. Mwa amai onenepa kwambiri, madziwa amapezeka ndi mafuta ambiri, insulin yambiri ndi mapulotini oonetsa kutupa. Kathumba kamatenga miyezi ingapo kuti kakule kucoka pa kang'ono kufika pophulika, cotero mai amene waleka fodya kapena mowa, kapena wacepetsa thupi, asayembekezere kusintha m'sabata imodzi.

Pali matenda ochedwa PCOS, amene amagwira amai ambiri. Timatumba timayamba kukula tambiri koma timaima panjira, ndipo palibe kamene kamafika pophulika. Mai amatha miyezi iwiri, itatu kapena kuposa osapita kumwezi, amamera ndevu kapena ziphuphu, ndipo kawiri-kawiri amanenepa. AMH wake amakhala wokwera. Amai otere ndiwo amathandizidwa bwino ndi mapiritsi, makamaka letrozole, koma ndiwonso ali pa ngozi yaikulu ya kutupa kwa m'mimba kuja akapatsidwa nyeleti mosasamala.

Msinkhu nawo ndi waukulu pa nkhaniyi. Kupitirira zaka 35 mazira amacepa ndipo ubwino wao umatsika, kupitirira zaka 40 amatsika msanga koposa. Palibe mankhwala amene amabweza zaka. Mai amene watha zaka 8 akuzungulira kwa asing'anga amafika ku cipatala atataya cinthu cimene dotolo sangamubwezere.

Za zakudya, mai ayenera kudya zakasinthasintha: nsima ndi kapenta, nyemba, soya, nshawa, cibwabwa, bondwe, kalembula ndi zipatso. Cikhulupiriro ca ena cakuti mtsikana akadya mazira a nkhuku sadzabala cilibe maziko. Komanso kudya nyama yambiri sikusintha mapulotini a m'kathumba kukhala abwino koposa, cifukwa thupi limawapanga pa mlingo wake. Mai wofuna mimba amalangizidwa kumwa folic acid tsiku lililonse asanaime, pofuna kuteteza msana ndi ubongo wa mwana.

KUNO KWATHU BVUTO LALIKULU NDI MACUBU

Dzira lingakhale labwino ndi madzi ake abwino, koma ngati njira yake ndi yotsekeka silingakumane ndi mbeu. Pakati pa 1979 ndi 1984, World Health Organisation inapima mabanja osabala m'zipatala 33 za m'maiko 25, ndipo Lusaka inali pakati pa mizinda ya mu Africa imene inatengako mbali. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 1985, zinaonetsa kuti mu Africa pafupi-fupi theka la amai opimidwa anali ndi macubu onse awiri otsekeka, pamene ku maiko olemera anali pafupi-fupi mai mmodzi mwa 10. Mwa amai oculuka a mu Africa, gwero la kusabala linali matenda amene analowa m'njira ya cibaliro.

Matenda amenewa ndi cinzonono ndi chlamydia, amene mwa amai ambiri saonetsa cizindikiro ciliconse mpaka ataononga. Enanso ndi matenda olowa pambuyo pa kubala m'malo osasamalika, pambuyo pa kupita padera, kapena pambuyo pa kutaya mimba mobisa ndi mitengo ndi mankhwala a m'mabotolo. TB ndi likodzo nazonso zingathe kufika m'macubu. Zimenezi ndizo zimacititsa kuti amai ambiri akhale ndi mwana mmodzi, kenaka zii. Mankhwala oika kumaliseche pofuna kuumitsa angathenso kubweretsa zilonda ndi kutsegulira matenda njira.

Cubu coonongeka pang'ono ndi coopsa mwa njira ina. Mbeu ingadutse, koma dzira lokula nkukodwa panjira, mimba nkukhala m'cubu. Cubu cikaphulika mai amataya magazi m'kati ndipo angafe pa maola ocepa. Mai amene wadumpha mwezi, nkumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'mimba, kuona timagazi kapena cizungulire, afunika cipatala mwamsanga.

Njira za kulera anthu amazinamizira. Mapiritsi, lupu ndi ka pa mkono sizitseka mimba kwamuyaya. Nyeleti ya miyezi itatu ingacedwetse mimba kwa miyezi ingapo, nthawi zina mpaka caka, koma mphamvu yobala imabwerera.

ABAMBO NAWONSO APIMIDWE

Pafupi-fupi pa theka la mabanja osabala, mwamuna ali ndi mbali pa bvutolo, kaya yekha kapena pamodzi ndi mkazi wake. Mphamvu ya m'nyumba ndi mbeu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwamuna angakhale wamphamvu usiku uliwonse koma m'madzi ake mulibe mbeu ngakhale imodzi. Kukhala ndi mwana kwa mkazi wina zaka 10 zapitazo si umboni wa lero, cifukwa cinzonono cosacizidwa bwino cimatseka njira za mwamuna monga momwe cimatsekera za mkazi. Matsagwidi ogwira munthu atakula, mitsempha yotupa ya ku macende, mowa wambiri ndi fodya zimaononganso mbeu.

Kupima mwamuna ndiko kosabvuta ndi kochipa kuposa kupima konse kwa mkazi. Amapereka madzi ake m'kabotolo atadziletsa masiku 2 mpaka 7, ndipo zikapezeka zosakhala bwino amapimidwanso, popeza mbeu imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ipangidwe. Ndi kulakwa kuti mai amwe mankhwala amphamvu kwa miyezi 6 pamene bambo sanapondeko pa cipatala.

NJIRA YOYENERA KUTSATA

Banja liyenera kupita pamodzi ikatha miyezi 12, kapena miyezi 6 ngati mai wapitirira zaka 35. Mai amene sapita kumwezi bwino, amene anacitidwapo opaleshoni ya m'mimba kapena amene amamva kupweteka koopsa pa msambo asadikire nthawi yonseyi.

Poyambira ndi pa kiliniki ya pafupi monga ya Kalingalinga, Mtendere kapena George, kapena pa zipatala za Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata. Kumeneko onse awiri amafunsidwa mbiri yao, amapimidwa matenda opatsirana pogonana ndi HIV, ndipo akapezeka ndi matenda amacizidwa onse pamodzi. Banja limene lili ndi HIV lingathe kubala ana opanda kacilombo ngati likumwa ma ARV mokhulupirika. Pakafunika akatswiri, banja limapatsidwa kalata yopita ku Women and Newborn Hospital ya pa UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Kupima kofunika ndi kutatu: mbeu ya bambo, ngati mazira a mai akutuluka, ndi ngati macubu ali otseguka, cimene amaciona ndi X-ray yochedwa HSG. Ndi bwino mai kulemba m'kabuku masiku amene amayamba kumwezi kwa miyezi ingapo nkupita nako.

IVF tsopano imacitika mu Lusaka momwemuno, pa zipatala za eni ake monga Lusaka IVF and Fertility Clinic, ndipo anthu sakakamizidwanso kupita ku South Africa kapena ku India monga kale. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri kwa banja la m'komboni, ndipo sikuti ulendo uliwonse umabala mwana. Banja lisanagulitse puloti kapena kutenga kaloba, lifunse mtengo wonse pamodzi ndi mankhwala, mwai wake pa msinkhu wa maiyo, ndi cimene cidzacitika ulendo woyamba ukalephera. Lifunsenso ngati cipatalaco ndi cobvomerezedwa ndi Health Professions Council of Zambia. Safunsa anadya phula.

Kwa acibale, ankhoswe ndi alangizi, mau ndi awa: kusabala ndi matenda monga ena onse, ndipo pali mitundu yambiri imene imacizika ikapezeka msanga. Kumenya, kutukwana kapena kupirikitsa mkazi cifukwa ca kusabala ndi nkhanza zimene lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la mu 2011 limaletsa, ndipo wozunzidwa angathe kudandaula ku Victim Support Unit pa polisi. Kwa acinyamata amene sanakwatire, kuteteza mphamvu yobala kumayamba lero, mwa kupewa matenda opatsirana pogonana ndi kucizidwa mokwanira pamodzi ndi bwenzi lao akawatenga. Kutseka cubu kumatenga masabata ocepa, koma kulipira njira yocilambalala kungadye cuma ca banja lonse.